Ndakalembetsa wilo kwa loya kuno ku Leeds, ndasiyamo gawo la charity: mmene zinayendera

Chinenereni kutchalitchi kuti ndakalembetsa wilo anthu sakundipatsa mpata, wina pa foni wina pa WhatsApp, munapita kuti, munalipira zingati, eti nzoona mwasiyira ma charity ndalama? Nde ndatopa kubwereza nkhani imodzimodzi, ndangoti ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere. Dzina la kampaniyo sinditchula chifukwa pali zina zoti ndidandaule, komanso maofesi oterewa ali mbwee tauni iliyonse kuno. Ndi kaofesi ka maloya ochepa, pamwamba pa shopu, masitepe ake opanikiza moti ndinakafika pamwamba ndili wefuwefu. Kwa inu amene mulibe nthawi yowerenga zonse: pa malamulo a kuno ndawapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu, pa katundu wa kumudzi ziwiri basi, ndipo ziwirizo ndawapatsa chifukwa sanandinamize kuti akudziwa pomwe sakudziwa.

Ine ndili ndi zaka 58, ndinabwera kuno mu 2004, ntchito yanga ndi ya care, mashifiti ausiku. Ana awiri, onse ndi akuluakulu. Bambo awo tinasiyana kalekale. Ndili ndi kanyumba kuno koma mogeji sinathe, kapenshoni ka kuntchito, nyumba ku Machinjiri yomwe muli anthu a lendi, ndi munda kwathu ku Chiradzulu. Si chuma choti munthu nkumayenda chothimbwidzika, ndipo zaka zonsezi ndinkangoti wilo ndi ya azungu olemera, komanso kunena zoona mumtima munali kaja kathu kaja, koti ukalemba za imfa ndiye kuti waiitana.

Chinandidzutsa ndi maliro a chaka chatha. Bambo wina wa kwathu konkuno anagwa kuntchito osadzukanso. Mayi amene ankakhala naye anakhala limodzi zaka zoposa khumi, chinkhoswe chinachitika mu holo ku Manchester, tinavina, tinafupa, ankhoswe analipo mbali zonse ziwiri. Koma ku registry, kolembetsa ukwati ku boma, sanapite, ndipo nyumba inali m'dzina la bambo yekha, wilo panalibe. Lamulo la ku England silidziwa chinkhoswe cha mu holo. Munthu ukamwalira opanda wilo, mkazi kapena mwamuna wa ukwati wolembetsa amatenga £322,000 yoyambirira ndi theka la zotsala ngati pali ana, koma wongokhala naye salandira olo mpando, pokhapokha akadzigwetse yekha kukhoti kukapempha, nazonso ndi ndalama ndi nthawi. Ndinamuona mayi uja akulongedza mapoto m'makatoni ndipo ndinati chaona mnzako chapita, mawa chili pa ana anga.

Ndiyambe ndi za mtengo poti ndi zomwe ambiri mukufuna. Kuno kuli Free Wills Month, imachitika mu Malichi ndi mu Okutobala, ya anthu a zaka 55 kupita mtsogolo, maloya ena amakulembera wilo ulere ndipo ma charity ndi amene amalipira, poyembekeza kuti mwina muwakumbukira, ngakhale sikukakamiza. Kulinso Will Aid mu Novembala, kumeneko loya salandira kanthu, iwe umangopereka chopereka ku ma charity. Zonsezi ndi za wilo wosavuta. Ine ndinkadziyesa wosavuta, kkkk. Nditangotchula pa foni kuti ndili ndi nyumba ku Malawi, mtsikana wa pa desiki anati dikirani kaye, anabwerera nkundiuza kuti zanga sizilowa m'gulu la zaulere. Anati £350. Ndinavomera. Invoice itabwera inali £420, ati VAT ya 20 peresenti. Mxii. Sikuti anandibera, zinali m'kalata yomwe anatumiza pa imelo, mmunsi mwenimweni, koma pakamwa sananene ndipo munthu wolandira pa ola ngati ine £70 ndi maola angapo ndili chiimire usiku. Nde mukamafunsa mtengo funsani kuti VAT ili momwemo kapena ayi.

Tsiku la apointimenti ndinachoka ku shifiti 8 koloko mmawa, kukasamba, 10 koloko ndili pampando maso ali psuu. A loya ake ndi mayi, wa zaka za m'ma 40, wodekha, sanandithamangitse olo kamodzi ngakhale tinapitirira ola lomwe anandipatsa. Funso loyamba linandidzidzimutsa: bambo a ana munangosiyana kapena ukwati unatha kukhoti? Ndinati unatha, pepala ndili nalo. Anati ndilione. Chifukwa chake ati anthu ambiri amangopatukana, aliyense kwake zaka 15, koma pa lamulo akadali banja, nde ukafa opanda wilo munthu yemwe sunamuone kuyambira kalekale ndi amene amayamba kutenga. Anandiuzanso kuti ndikadzakwatiwanso wilo ameneyu amafa yekha tsiku la ukwatilo, ndiyenera kulemba wina. Ndinaseka kuti amene angandifunsire pa msinkhu uno ali kuti, iwo sanaseke, anangolemba.

Tsopano pa nkhani yeniyeni. Ine ndinapita ndi maganizo anga okonzakonza: £5,000 ipite ku tchalitchi cha kwathu komwe ndinabatizidwa, komwe amayi anga anali a Mvano mpaka tsiku lomaliza, ndipo £5,000 ina ithandize ana amasiye. Ndinazinena monyadira ndithu ngati ndikuwerenga lipoti la pa msonkhano. A loya anatenga cholembera nkufunsa kuti tchalitchicho dzina lake lonse ndi chani. Ndinatchula. Anati pa pepala la boma chinalembetsedwa m'dzina limenelo, kapena cholembetsedwa ndi sinodi? Chili ndi akaunti ku banki? Amene adzasayine kuti ndalama zafika ndi ndani, abusa, msungichuma, kapena mlembi wa mpingo? Nanga ana amasiyewo ndi ati, a kuti, adzawasankha ndani? Abale anga, ndinangoti kakasi. Zaka zonsezi ndimatumiza kangachepe kudzera kwa achimwene, iwo amakapereka Lamulungu, amandijambulira risiti, nkhani yatha. Sindinaganizeko kuti tsiku limenelo ine kudzakhala kulibe woti nkuimbira foni kufunsa kuti amayi mumatanthauza chani.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti ndalama yanga sinapite pachabe. Anandifotokozera kuti mawu ngati "ana amasiye a kwathu" ndi amene amadzagwiritsa njakata anthu otsala, chifukwa executor, yemwe amayendetsa zonse iwe utapita, sangangotenga ndalama nkupatsa amene wamukonda, ndipo mawu akakhala osamveka nkhani imatha kukafika kukhoti, loya nkudya ndalama yomwe ikanagula mayunifolomu. Chofunika ndi dzina lonse la bungwe, adiresi, ndi nambala yake ya kaundula. Ku England ndi Wales nambalayi mumaipeza pa webusaiti ya Charity Commission, ku Scotland ndi OSCR. Anatembenuza kompyuta yawo kuti ndizionera limodzi, tikulemba mayina, ndipo zinandidabwitsa kuti mabungwe ena mayina ake amafanana kwambiri, kusiyana liwu limodzi lokha, wina ndi wa ku Surrey wina wa ku Glasgow. Pomwepo mumaonanso ma akaunti awo, ndalama zomwe analandira chaka chatha, komanso ngati amachedwa kupereka malipoti. Izi ndi zaulere, mutha kuona nokha pa foni musanapite kwa loya aliyense.

Ndinasankha Mary's Meals. Chifukwa changa si cha m'mabuku ayi, ana a mng'ono wanga amamwa phala lawo kusukulu, ndipo nditapita kumudzi ndinaona ndi maso anga amayi akutakasa mphika waukulu mbandakucha, ana ali pamzere aliyense ndi kapu yake ya pulasitiki, ena ataimangirira ndi chingwe pa chikwama kuti isasowe. Bungweli ndi la ku Scotland ndipo ntchito yodyetsa ana kusukulu linaiyambira ku Malawi mu 2002. Ndinati ndikufuna mulembe kuti ndalamazo zigwire ntchito ku Chiradzulu kokha basi. A loya anapukusa mutu, ati tingalembe koma mukudzimanga nokha: nanga pofika nthawiyo atakhala kuti ku Chiradzulu anachokako, kapena boma latenga ntchitoyo? Mphatso yomangidwa kwambiri imatha kukanika kuperekedwa. Nde anandilembera kuti ndalama zipite ku ntchito za bungwelo, kenako chiganizo china chonena kuti khumbo langa ndi loti zigwire ntchito ku Malawi, koma popanda kuwakakamiza. Poyamba zinandiwawa, ndinaona ngati ndangopereka nkutembenuka. Koma nditaganiza mofatsa, ngati sindikuwakhulupirira kuti amva khumbo langa nde ndikuwapatsiranji? Anaonjezeranso timizere tiwiri tomwe pandekha sindikanatiganiza: kuti bungwelo likadzasintha dzina, kuphatikizana ndi lina kapena kutsekedwa, ma executor apereke ku lina la ntchito yofanana, komanso kuti risiti ya msungichuma wa bungwelo ndi yokwanira, ana anga asadzavutitsidwe kuti atsimikize kuti phala linaphikidwadi.

Kenako tinalimbana pa £5,000 ija. Ine ndinkafuna nambala yooneka, yoti munthu akamva aziti eeh amayi aja anasiya zakutizakuti. Iwo anati ganizirani peresenti ya zotsala. Ndinati bwanji? Anati inu mumagwira ntchito ku care home, mukudziwa zomwe zimachitikira nyumba za anthu. Apo nde anandigwira pakhosi, chifukwa ndimaziona sabata ndi sabata. Ku England ukakhala ndi chuma choposa £23,250 umadzilipirira wekha ku care home, ndipo ndasamalirako agogo omwe analowa ali ndi nyumba yabwino, zaka zinayi zisanu nyumba yonse yathera mu fizi, ana kubwera kudzatenga mawailesi ndi zithunzi basi. Dongosolo lake ndi loti poyamba amalipira maliro ndi ngongole, kenako mphatso zotchulidwa nambala, ana amene analembedwa kuti atenge zotsala amabwera kumapeto. Nde tiyerekeze kuti ndadwala nthawi yaitali nkutsala £12,000 yokha, ma £5,000 awiri aja amachoka athunthu, ana anga nkugawana £2,000. Pomwe peresenti imakula ndi kuchepa pamodzi ndi chumacho. Komanso nambala imaguga. Ife a ku Malawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi, mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi, amene analemba kuti ndasiyira mpingo K2 miliyoni zaka khumi zapitazo akuganiza kuti amanga nyumba ya abusa, lero ndi matumba angati a simenti?

Sanabise kuipa kwa peresenti, ndipo ichi ndinachikonda. Anati bungwe likakhala ndi gawo la zotsala limakhala ngati mmodzi wa olandira, lili ndi ufulu wofunsa ma akaunti, kufunsa kuti nyumba inagulitsidwa zingati, ndipo ma charity akuluakulu ali ndi anthu a ntchito imeneyi yokha. Nde ngati ana anga akufuna kusunga nyumbayo osagulitsa, adzayenera kupeza ndalama ya gawo la bungwelo kwina. Sangangoti tidzapereka tikadzapeza. Ndinakhala kaye chete, kenako ndinati 5 peresenti. Zotsalazo ana awiri agawane pakati mpakati.

Za msonkho, zomwe anthu amakokomeza kwambiri. Mumva kuti siyirani charity mupulumuke ku msonkho. Nzoona koma si za aliyense. Inheritance Tax, msonkho wa chuma cha malemu, ndi 40 peresenti, koma imayambira pamwamba pa £325,000, nambala yomwe sinasinthe chiyambire 2009, ndipo ngati nyumba yomwe umakhalamo ikupita kwa ana kapena zidzukulu pamaonjezereka mpaka £175,000. Chomwe wapereka ku charity ya kuno sichidulidwa msonkho, ndipo kuyambira 2012 ukapereka 10 peresenti ya gawo lomwe likuyenera kudulidwa msonkholo, msonkho wa zotsala umatsika kufika 36 peresenti. Ine nditamva 10 peresenti ndinati ohoo, chakhumi chafika mpaka ku HMRC, bungwe la misonkho la kuno. Anandiwerengera pa kapepala ka yelo komwe ndasunga mpaka pano. Munthu wasiya £525,000, palibe nyumba yopita kwa ana. Kuchotsa £325,000 kutsala £200,000. Akapanda kupereka kanthu msonkho ndi £80,000, abale atenga £445,000. Akapereka £20,000 ku charity, msonkho ndi 36 peresenti ya £180,000, yomwe ndi £64,800, abale atenga £440,200. Kutanthauza kuti bungwe lalandira £20,000 koma abale angoluza £4,800, zinazo waluza ndi wa msonkho. Atatha anandiyang'ana nkunena kuti koma inu izi sizikukukhudzani, chuma chanu sichifika pamenepo, ngati mukupereka perekani chifukwa mukufuna. Munthu wina akanandisiya ndizidziona ngati wochenjera.

Komabe inu amene muli ndi nyumba ku London kapena nyumba ziwiri musagone. Kuyambira Epulo 2025 lamulo linasintha, ukakhala kuno zaka 10 mwa zaka 20 zapitazi amawerengera chuma chako chonse kulikonse komwe chili, kutanthauza kuti nyumba ya ku Area 25 kapena poloti ya ku Chileka ilowa mu masamu. Ndipo kuyambira Epulo 2027 ndalama za penshoni zomwe sunadye nazonso zizilowa. China chomwe a loya anatsindika: kukhululukidwa msonkho kuja ndi kwa ma charity a kuno ku UK. Tchalitchi cha kwathu, sukulu ya kumudzi, kapena kabungwe kolembetsedwa ku Lilongwe kokha, mutha kuzisiyira ndithu, palibe choletsa, koma pa msonkho wa kuno zimawerengedwa ngati mwapatsa munthu wamba.

Pa za kumudzi mpomwe nyenyezi zinagwera. Nditayamba za Machinjiri a loya anaika cholembera pansi nkunena mosabisa kuti malamulo a Malawi sawadziwa, ndipo nyumba ndi malo zimatsata lamulo la dziko lomwe zili. Malangizo awo anali oti ndikalembe wilo wachiwiri ku Malawi wa katundu wa kumeneko yekha, ndipo wa kuno anamulemba kuti akukhudza za kuno zokha. Anandichenjeza chinthu chimodzi chofunika zedi: wilo aliyense amayamba ndi mawu oti ndafafaniza ma wilo onse akale, nde loya wa ku Blantyre akangokopera mawu amenewo osaganiza, wa kuno wafa. Ndikamuonetse wa kuno asanalembe. Mpaka apo zinali bwino. Koma nditafunsa ngati akudziwa loya aliyense ku Malawi, kapena pomwe ndingayambire, yankho linali loti ayi, yesani kufufuza. Aaa, nde munandichotsa m'gulu la zaulere chifukwa cha Malawi yemweyo, mwandilipiritsa £420, pa Malawi'po mwandipatsa chiganizo chimodzi ndi chenjezo limodzi? Izi zinandinyansa ndipo ndinawauza. Zoti kwathu kuli Deceased Estates Act ya 2011, yomwe inaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu, ndinachita kuwauza ndine, iwo nkumalemba. Za munda sindinayese nkomwe kufotokoza kwambiri, munda uja si wanga ndekha, ndi wa mbumba, unachoka kwa agogo aakazi kupita kwa amayi, ndingaulembe bwanji mu wilo ngati galimoto? Mphatso ya tchalitchi ija tinagwirizana kuti ikalowe mu wilo wa ku Malawi, ichoke pa nyumba ya ku Machinjiri, ndikafunse kaye ku sinodi dzina loyenera kulemba.

Chachiwiri chomwe sichinandisangalatse: draft yoyamba. Inatenga masabata atatu pomwe anati imodzi, ndinachita kuimba kawiri. Itabwera dzina la mwana wanga wamkazi linali lolakwika, anasinthanitsa zilembo ziwiri, ndipo dzina langa lapakati analidula ngati ndi mayina awiri. Ndinali nditawapatsa mapasipoti kuti ajambule! Anapepesa nkukonza tsiku lomwelo, koma taganizani munthu amene saona bwino kapena amene amangokhulupirira kuti loya salakwa. Werengani chilembo ndi chilembo, makamaka mayina athuwa, kwa iwo onse amaoneka ofanana. Nambala ya charity nayo ndinaifananiza ndekha ndi ya pa webusaiti, inali yolondola.

Chachitatu, ananyengerera kuti kampani yawo ikhale executor. Sanakakamize koma anabwereza katatu, ati zimachepetsa mikangano, ati ana adzakhala ali pachisoni. Nditafunsa kuti adzadula zingati yankho linali lozungulira, zidzatengera ntchito, pa ola. Ndinakana. Ndinaika mwana wanga wamkazi ndi msuweni wake wa ku Nottingham amene ali ndi mutu wa mapepala. Executor akhoza kukhala wolandira nawo, palibe vuto, ndipo akadzaona kuti zawakulira akhoza kulemba loya nthawi imeneyo, amene amufuna, atafunsa mitengo.

Ananditsegulanso maso pa penshoni ya kuntchito, kuti nthawi zambiri siyenda ndi wilo, imayenda ndi fomu yomwe unasayina polowa ntchito yotchula woti adzalandire. Nditakafufuza ndinapeza kuti pa fomu yanga panali dzina la amayi anga, omwe anatisiya mu 2016. Ndinasintha sabata yomweyo.

Kunyumba nkhaniyi sinalandiridwe ndi nthungululu. A loya anandilangiza kuti ndiwauze ana ndikadali moyo, komanso ndilembe kalata yapadera yofotokoza chifukwa chake, yomwe si lamulo koma imathandiza. Anandisimbira mlandu wotchuka wa kuno, wa Ilott, mayi wina amene anamwalira mu 2004 nkusiya pafupifupi £486,000 ku Blue Cross, RSPB ndi RSPCA, mabungwe a ziweto ndi mbalame, mwana wake mmodzi yekhayo osamusiyira kanthu poti anali atadana kalekale. Mwanayo anakasuma pogwiritsa ntchito lamulo la 1975 lomwe limalola ana ndi odalira malemu kupempha gawo, nkhani inayenda zaka zoposa khumi mpaka ku Supreme Court mu 2017, ndipo anathera pa £50,000. Ine ndinangoti azungu inu, mbalame? Koma phunziro ndinalimva. Mwana wanga wamkazi anangoti mami ndi ndalama zanu, koma musamakambe za imfa ndikudya. Wamwamuna anafunsa kuti 5 peresenti ndi zingati, atawerengera anati ok.

Ovuta anali achimwene kumudzi. Ndinawaimbira Loweruka madzulo, netiweki ikudukaduka. Poyamba anati achemwali, mwadwala? Tiuzeni zoona, adokotala anena chani? Nditawatsimikizira kuti ndili gwa, anafika pomwe ankafuna: nde mukapatse bungwe la azungu ndalama pomwe ana a malemu mng'ono wathu akusowa fizi konkuno? Funso limeneli si lopusa ayi, ndipo linandisowetsa tulo. Kwathu chifundo chimayambira pa mbumba, munthu wopatsa akunja abale ali ndi njala timamunena. Ndinawayankha kuti achimwene, ana amenewo ndikuwalipirira panopa ndili moyo ndipo sindisiya, pofika tsiku limenelo adzakhala ndi ndevu, ndipo nyumba ya ku Machinjiri ndikubwera kudzalemba bwinobwino muli pomwepo. Koma phala lomwe ana omwewo amamwa mmawa uliwonse analipira ndi munthu amene sakuwadziwa, sanafunse kuti ndi a mbumba ya ndani. Mwana wa mnzako ngwako yemwe si paja timatero? Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayesa foni yaduka, kenako anati chabwino, koma pa tchalitchi'po musaiwale, denga likudontha mbali ya amayi. Sanagwirizane nazo kwenikweni, ndikuwadziwa.

Tsiku losayina linali la mphindi 15 zokha. Ndinafuna kubwera ndi mwana wanga kuti akhale mboni, anandiletsa pa foni: mboni kapena mkazi kaya mwamuna wa mboni akakhala wolandira, gawo lake limafa. Pamafunika mboni ziwiri, zonse zikhale m'chipindamo nthawi imodzi zikukuona ukusayina. Anaitana mtsikana wa pa desiki uja ndi mnyamata wina wa mu ofesi yoyandikana, anabwera akutafuna sangweji, anapukuta manja pa thalauza nkuima kumbuyo kwanga. Mapepala anayi, omangidwa pakona ndi kariboni. Dzanja linanjenjemera pang'ono, siginecha inatuluka yopindika ngati ya mwana wa sitandade 3, ndinafunsa ngati zili ndi vuto, ati ayi. Mnyamata uja anasayina, kulemba adiresi, nkubwerera ku sangweji yake. Ine ndimayembekezera kuti mwina pakhala kapemphero kaya chani, koma basi zinathera pomwepo. Anandiuza kuti pa wilo weniweniyo ndisadzamenyepo stepula kapena kupanirapo kanthu, chifukwa a probate, omwe amatsimikiza wilo munthu akamwalira, akaona timabowo amayesa kuti panali pepala lina lomwe lachotsedwa. Weniweniyo anasunga okha mu sefa yawo, osalipiritsa, ine anandipatsa kopi.

Ndingawatumizire munthu? Ngati katundu wanu ali kuno yekha, eya, pitani, kapena dikirani Malichi kaya Okutobala muyese zaulere zija ngati zaka zakwana. Ngati muli ndi za kumudzi pitanibe koma mudziwiretu kuti mukugula theka la ntchito, ndipo funsani pa foni musanalipire kuti analembapo wilo wa munthu wa katundu kunja kangati. Amene muli ku Scotland malamulo anu ndi ena, musatengere zanga. Ndipo ngati mukufuna kusiya kena kake ku bungwe, pitani mutalemba kale dzina lonse ndi nambala pa pepala, musakachite kakasi ngati ine pa ola lolipira.

Kopi yanga ili mu drowa pansi pa yunifolomu ya Mvano ya amayi, ana onse akudziwa. Tikiti ya kumudzi ndagula ya Ogasiti. Achimwene ati akandiperekeza kwa mlembi wa mpingo tikafunse za dzina lija, ndipo ati ndikatenge ndi ya malata, zoti adikire mpaka ndife iwo ayi.